Mkaka wa Mlongo Wanga

Anali sopo wofiira, wamakona anayi, wolimba gwa, ndipo ankakhala pa kambale kachitsulo kuseri kwa khitchini ya Dona. Fungo lake linali la mankhwala otsukira zilonda. Mpaka lero ndikalowa m'chipatala n'kumva fungo limenelo ndimatuluka, ngakhale mzere ukhale utandifika, ndipo adzukulu anga amangoti agogo ayamba zawo zija. Sopo ameneyu amayi ankasambira mabere kasanu, mwina kasanu n'kamodzi pa tsiku, Dona ataimirira pambali manja ali m'chiuno, mpaka nsonga za mabere zinachita ming'alu. Mlongo wanga, khanda longoyamba kumene kukhala pansi, akafika pabere ankayamba walavula, n'kukwinya kankhope, kenako njala n'kumubwezera pomwepo.

Mudzi wathu unali kwa Tengani, kumunsi kwa mapiri, ulendo wa theka la tsiku kuchokera ku Shire. Azungu a mishoni anabwerako ine ndisanabadwe, n'kumanga nyumba ya njerwa pa kachitunda, khonde kuzungulira mbali zonse, mpanda wa nkhadze kunja kwake. Ankakhalamo atatu: Mzungu mwini wake, amene ankalalikira ndi kuzula mano, mkazi wake Dona, ndi mwana wawo wamkazi wa msinkhu wanga, amene tinkamutcha Kadona. Kuseri kwa nyumbayo, pansi pa mtengo wa bwemba, panali timanda tiwiri topaka njereza, ta ana awo amene malungo anawatenga. Ndikutchula timandato dala, mungati ndabisa. Mkazi uja anali ataika kale awiri m'nthaka yathu, ndipo wina atabadwa, wamwamuna, m'nyengo yachisanu ya chaka chimenecho, anali wokonzeka kuchita chilichonse kuti pasadzakhale kachitatu.

Mkaka wa Dona unauma khandalo lisanathe miyezi iwiri. Ankadwala malungo kawirikawiri, khungu lake litasanduka lachikasu. Anayesa mkaka wa mbuzi, khanda linasanza. Wam'zitini sunkabweranso chifukwa cha nkhondo ya azungu okhaokha, yomwe ija inatenga atate kupita nawo kumpoto kukasenza katundu wa asilikali. Atate anachoka amayi ali ndi pakati, mwana wawoyo sanamuonepo. Tsono aphunzitsi, munthu wa kwathu konkuno amene ankamasulira mawu a Mzungu, anayenda khomo ndi khomo kuitana akazi onse a makanda. Anawaimika pamzere pabwalo la tchalitchi, asanu ndi awiri. Dona ankawatsegula pakamwa kuona mano, kuwakoka zikope, kuwafufuza mphere pakati pa zala, kenako kufinya bere kuti aone mkaka. Ndi mmene amalume ankasankhira mbuzi. Amayi anali ojintcha, akhungu losalala, ndipo mlongo wanga anali wonenepa kuposa makanda onse pamzerepo. Dona anamutsina tsaya, anamwetulira, n'kuloza amayi.

Amayi anakana. "Nanga wangayu?" Aphunzitsi anati mabere alipo awiri. Nkhani inapita kwa amalume, eni mbumba, ndipo amalume anavomera tsiku lomwelo. Masiku amenewo amesinjala a boma ankasaka amuna mudzi ndi mudzi, kuwamanga zingwe m'chiuno n'kupita nawo ku utengatenga, koma aliyense wokhala ndi kalata ya Mzungu yonena kuti ndi wantchito wa mishoni ankamusiya. Amalume analandira kalatayo, anaisokera m'kachikopa, n'kumayenda nayo m'khosi. Zaka zambiri ndinkawatukwana mumtima. Pano ndakalamba ndimati anali munthu wamantha basi, ndipo anali ataona amuna anzawo akubwerako mafupa okhaokha, ena osabwerako n'komwe. Komabe kukhululuka sindinawakhululukire, ndisanamizire chikhristu chimene ndilibe.

Amayi anasamukira m'kachipinda kuseri kwa khitchini. Anawavula nsalu yawo ya biriwita ndi mikanda yonse, n'kuwaveka diresi loyera lofika m'mapazi. Ankadya bwino, mpunga, nkhuku, tiyi wa shuga, zonsezo kuti mkaka uchuluke. Lamulo linali lakuti khanda la Dona liziyamba, mabere onse awiri, mpaka likhute. Wathu azidzayamwa zotsala, kawiri pa tsiku, belu la sukulu likalira m'mawa ndi belu la mapemphero likalira madzulo, pa kachipata ka kuseri kwa mpanda. Womubweretsa ndinali ine. Mano anga akutsogolo anali atangophuka kumene, koma ndinasanduka mayi wake, kumubereka, kumupukuta, kugona naye pa mphasa ya azakhali, akazi a amalume. Mwina mufunsa kuti bwanji akazi ena a makanda aja osamuyamwitsako. Mmodzi anayesa masiku awiri, mwamuna wake n'kumuletsa. Chinali chaka cha chilala, mkaka wa mwana wawo womwe sunkakwana.

Podikira kuti amayi atuluke ndinkasuzumira m'mipata ya nkhadze, ndipo ndinaona zambiri. Anthu aja ankadya atakhala pamipando, mwamuna ndi mkazi tebulo limodzi, kumayang'anana m'maso, ife n'kumati koma manyazi alibe. Dona akapezako bwino ankaimba limba madzulo, Mzungu n'kumayendayenda pakhonde khanda lili paphewa, chinthu chimene sindinaonepo mwamuna wa kwathu akuchita. Kutsogolo kwa khonde kunali maluwa. Akazi awiri ankatunga madzi pa chitsime cha mumchenga, m'khwawa louma, pomwe ife tinkagwada ndi zikho kudikira kuti madzi atuluke pang'onopang'ono, n'kudzathirira maluwawo m'mawa ndi madzulo. Maluwa, abale inu, osadyedwa! Mzunguyo sanali wolusa ayi. Ankatsuka zilonda za anthu ndi manja ake, ankayenda ndi kabuku kufunsa maina a mitengo ndi a nsomba, ndipo akalakwitsa mawu ife n'kuseka, nayenso ankaseka. Dzina la mtengo uliwonse analilemba m'kabukumo. La mlongo wanga sanalifunsepo.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali choopsa. Amene simunakhalepo kuchigwa kuno simungadziwe: dothi kuotcha mapazi dzuwa lisanafike pamutu, nyenje kulira mpaka m'makutu kuwawa, nkhuku kungoyasama pansi pa nkhokwe. Mapira anali atatha m'makomo ambiri, akazi ankalawirira ku madambo a Shire kukazula nyika, tizinthu takuda tija timangodzaza mimba. Khanda la Dona linkakula, ndipo pokula linkayamwa kowirikiza. Mlongo wanga akafika ankapeza mabere atafota. Ankakoka, kukoka, kusiya, kulira, kukokanso, amayi kumusinthira uku ndi uku, kudzifinya mpaka misozi. Asanakhute Dona ankaomba m'manja pakhonde, ndiye kuti nthawi yatha. Masana ndinkamumwetsa phala lamadzimadzi la mchewere ndi madzi a malambe, pachikhatho, mmene azakhali anandionetsera. Mapindi a kunenepa aja m'ntchafu mwake anatha. Tsitsi linafiira, kamutu kanayamba kulemerera khosi. Kumsana kwanga ankapepuka tsiku ndi tsiku, ine wopusane n'kumakondwa kuti mphamvu zikundichulukira.

Azamba a m'mudzi mwathu, nkhalamba yaukali yonunkha fodya wa m'mphuno, anandiimitsa panjira tsiku lina, anamuvundukula, anamuyang'ana, n'kulavula pambali. "Ana awiri pa bere limodzi ndi mapasa amenewo. Mukapanda kuwamanga, wamphamvu amadya mnzake." Anapota mikuzi iwiri ya thonje la kwathu, pa uliwonse n'kumangirirapo kamuzu, tonse tiwiri todulidwa pa muzu umodzi. Mkuzi wina m'chiuno mwa wathu, wina m'chiuno mwa wa Dona, ndipo pasapezeke wovula. Ndi mmene iwo ankachitira ndi mapasa, kuti akulire limodzi. Munalibe zolodza m'menemo, anali kufunira moyo ana onse awiri. Mkuzi wachiwiriwo ndinautengera ndine kwa amayi, nditaubisa mkamwa. Dona anali atagwanso ndi malungo, wosambitsa khanda anali amayi, ndipo khandalo linkakulungidwa kansalu koyera pamimba usana ndi usiku. Amayi anaumanga pansi pa kansaluko. Anandigwira khutu n'kunena kuti, "Iwe, pakamwa pakopo." Panapita masabata awiri. Kaya unali muzu, kaya n'chifukwa chakuti Dona ali chigonere panalibe woomba m'manja ndipo amayi ankayamba ndi wathu mobisa, mlongo wanga anayambanso kuseka.

Tsopano ndinene za Kadona. Iyeyu Chimang'anja ankachilankhula kuposa makolo ake, ndi zotukwana zomwe, ataphunzira kwa ife pampanda. Ankamuletsa kusewera nafe, koma nanga akanasewera ndi yani? Ankazembera ku kachipata kaja, tinkaumba tiana tadothi, ine kunja iye mkati. Ndinkamubweretsera masau, iye n'kundibera shuga m'chikhatho. Ndinkamukonda, ndisabise. Tsiku limenelo tinayambana pa kanthu kachabechabe, kamwana kanga kadothi kamene anakaponda mutu n'kukana kupepesa. Mawu anakwera. Analoza mlongo wanga n'kunena kuti akuoneka ngati nalimata, wawo ndiye mwana, ndipo mayi ake anena kuti ana a kumudzi amaonda chifukwa sitiwapempherera. Mutu wanga unatentha. Ine pakamwa ndinabadwa napo, ndipo pandipalamulira zambiri pa moyo wanga, koma palibe choposa cha tsiku limenelo. "Wanuyo wanenepa ndi mkaka wathu! Ndiponso wavala mkuzi wathu, kamuone pamimba ngati ndikunama!" Mawu anatuluka onse ndisanawagwire. Kadona anandiyang'ana pang'ono, n'kuthamangira m'nyumba, tinsapato take tikulira pa njerwa za pakhonde. Posakhalitsa ndinamva Dona akukuwa.

Lamulungu lake Mzungu anaimika amayi kutsogolo kwa mpingo wonse, mkuzi uli m'mbale pa tebulo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Analankhula pang'onopang'ono, nkhope yachisoni, aphunzitsi akumasulira maso ali pansi: kuti iye anatilandira ngati ana ake, ife n'kuika za Satana pa thupi la mwana wobatizidwa. Amayi anayesa kufotokoza za mapasa, analankhula nthawi ndithu, koma aphunzitsi anangomasulirapo timawu tiwiri titatu. Kenako anaitana ine. Anandimasula mbereko, aphunzitsi n'kudula mkuzi wa mlongo wanga ndi sizasi ya Dona, mwana n'kudzidzimuka ndi kuzizira kwa chitsulo. Mikuzi yonse iwiri anaitentha pakhomo la tchalitchi, anthu akuimba nyimbo. Ine mumtima ndinali kuvina: basi, awathamangitsa, amayi abwera kwathu. Kupusa kwangako! Akanawathamangitsa bwanji mkaka uli mwa iwo? Chigamulo chinali chakuti kachipata ka kuseri katsekedwe, pakuti ndi pamene zachikunja zinkalowera. Amayi asatuluke, asakhudzane ndi munthu wa kumudzi, ngakhale mwana wawo yemwe, kwa masabata anayi, kuti alape. Dona anaonjeza kuti wathuyo wakula, akhoza kusiya bere, ndipo iye azitumiza phala labwino.

Phalalo linkabweradi, loyera, lothira shuga, m'kapu yachitsulo, aphunzitsi atanyamula okha m'mawa uliwonse. Sankaodira n'komwe, ankangoika pakhonde n'kubwerera. Mlongo wanga ankameza, koma lonse linkatulukira pansi. Masiku atatu anatsegula m'mimba madzi okhaokha, nsalu yanga kumsana sinkauma. Azakhali anawakalipira amalume kuti apite akapepese, mwana akutha uyu. Anapitadi, atavala malaya awo a kutchalitchi. Anakhala pansi kumunsi kwa masitepe n'kuomba m'manja. Mzungu anatuluka, anawamvetsera bwinobwino, anati tchimo silitsukika m'masiku atatu, n'kuwapatsa ufa woyera m'kapepala woti tizisungunulira mwana. Kenako anawafunsa ngati kalata ija akuisamala. Mwina ankangofunsa, sindidziwa. Amalume anagwira kachikopa kaja pakhosi, anathokoza kawiri, n'kubwerako ndi kapepalako.

Ine ndinapeza njira yangayanga. Ndinkapita kuseri kwa mpanda, moyang'anizana ndi kachipinda ka amayi, kumutsitsa mwana, n'kumutsina pantchafu kuti alire. Ndinkati amayi akamva athyola mpanda. Tsiku loyamba anathamangiradi, analowetsa mikono m'nkhadze utomoni ukuwadonthera kumaso, koma wophika, bambo wachisena amene anauzidwa kuti aziwalondera, anawagwira m'chiuno n'kuwakokera mmbuyo akupepesa. Mzungu anati amayi akadzabwerezanso, masabata aonjezeka awiri. Kuyambira pamenepo mwana akalira ankatuluka n'kungoima pakati pa bwalo, milomo ikuyenda, ndikhulupirira ankawerenga masiku otsala. Kutsogolo kwa diresi loyera lija kunkanyowa, madontho awiri kumakula mpaka kukumana. Kenako ankafulatira, manja atatseka makutu. Akatero ine ndinkatsina kwambiri. Zala izi, zomwe zikunjenjemerazi, zinasiya mabala akuda pa ntchafu zonse ziwiri za mwana amene analibe ndi mnofu womwe woti n'kutsinapo. Palibe anandituma. Ndikamati anthu aja anali ankhanza, ndimakumbukanso zala zangazi, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, ndinamutsina, zii. Ndinatsinanso. Anangotsegula kukamwa, mawu osatuluka. Liwombo linali litalowa mkati moti mukanathirapo madzi akanakhala, maso ali m'mwamba, ntchentche zikutera pazikope iye osaphethira. Sindinaganize kanthu. Ndinazungulira mpanda, ndinalowa pa chipata cha kutsogolo, cha azungu okha, ndinadutsa m'maluwa mwenimwenimo n'kukwera masitepe. Eni nyumba anali pa tebulo akudya. Amayi anali atakhala pansi pakhonde, khanda la Dona lili pabere. Analiika pamkeka osaliyang'ana n'komwe, n'kundilanda wathu. Anamuika nsonga mkamwa, mkaka n'kumayenderera patsaya mpaka m'khutu, iye osakoka. "Yamwa, bambo. Yamwa, ndabwera." Anamufinyira mkamwa, anamugwedeza, anamuuzira kumaso. Mzungu anathamanga n'kubwera ndi botolo ndi supuni, anagwada pansi, n'kuyesa kumumwetsa, mankhwala n'kungotayikira. Dona anaima pakhomo atagwira pakamwa. Ataona tintchafu tija anafunsa m'Chimang'anja chake chothyokathyoka, "Mabala, wachita ndani?" Mlongo wanga anatsirizika pomwepo, pakhonde pawo, chakudya chawo chisanazizire.

Mzungu anati akhomera bokosi la matabwa, ndipo mwanayo aikidwe pansi pa bwemba, pambali pa ana ake. Misozi inali m'maso mwake, ndipo ndikudziwa kuti kwa iye umenewo unali ulemu waukulu. Amayi analowa m'kachipinda kaja, anavula diresi, anavala biriwita yawo, anamukulunga mwana m'mbereko yanga, n'kutulukira pa chipata cha kutsogolo. Panalibe anawaletsa. Tinaika m'mawa mwake, ku manda a kwathu. Posambitsa maliro azamba anaona mabala aja, anandiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kusambitsa. Amalume analira kuposa aliyense, kugubuduka pansi, kachikopa kaja kakulendewera pakhosi. Akazi anakhala nafe m'nyumba kudikira tsiku lometa. Azamba anati mkaka wotsalawo tsopano ngwa maliro, ufinyiridwe pansi, mabere amangidwe nsalu mpaka aume. Anawamangadi, mwamphamvu, akazi awiri kukoka uku ndi uku. Amayi sankadya, sankalira, ankangokhala atatsamira chipupa. Ine ndinali nditawatsamira iwo. Ndinene zoona ngakhale n'zochititsa manyazi: pansi pa chisoni chonsecho panali kachimwemwe, chifukwa amayi anali atabwera kwathu ndipo anali anga ndekha.

Koma mishoni sinali patali, ndipo nyumbayo inali pachitunda, kulira kwa khanda la Dona kunkatipeza m'nyumba momwemo. Tsiku loika maliro linalira mwamphamvu, mwaukali. Tsiku lachiwiri mawu anasasa. Otunga madzi anatiuza kuti ayesa akazi awiri a pamzere uja, koma likukana, likungotembenuza mutu kufuna amayi. Akazi m'nyumba ankati, "Alire, nawonso amve mmene zimawawira." Ine ndinkavomereza mokweza kuposa onse. Madzulo a tsikulo aphunzitsi anabwera, anaima pa mtengo wa masau kumapeto kwa bwalo lathu, chipewa chili m'manja. Anaimaima, anakanda m'mutu, n'kubwerera osanena chimene anatumidwa. Tsiku lachitatu dzuwa linatuluka, linakwera, nyenje zinayamba zawo. Amayi anadzutsa mutu n'kufunsa, "Mukumva?" Tinatchera makutu tonse. Kuchitunda kunali zii.

Anadzuka n'kuyamba kumasula nsalu ya pachifuwa. Mabere anali atatupa, akunyezimira, mitsempha itaima. Azamba anakuwa, "Simunamete inu! Mkaka umenewo ngwa maliro!" Azakhali anatsekereza pakhomo, kuwafunsa ngati apenga, pambuyo pa zonse zimene anthu aja atichita. Amayi anangowakankhira pambali n'kutuluka. Ndinawagwira mwendo, anandikhwekhwereza mpaka pa masau paja.

"Si wanu! Wanu mwamuika dzana!"

"Ndikudziwa," anatero. "Tandisiya, mwanawe."

Anandimasula zala chimodzichimodzi, osati mwaukali. Ndinatola chibuma n'kuwagenda, chinawapeza pamsana n'kuphwanyika. Ndinawatukwana mawu amene mwana sauza mayi wake, mudzi wonse ukumva, ndinati ndinu mbuzi ya azungu. Sanacheuke. Pofika pa nkhokwe yomaliza anayamba kuthamanga, manja atagwira pachifuwa.

Khandalo linachira. Linakula, linayenda, ndipo azungu aja pobwerera kwawo linakwera lokha pa machila. Amayi anakhala kumeneko mpaka litasiya bere, chipata cha kuseri chili chotsegula tsopano, poti panalibenso wolowerapo. Ankanditumizira mpunga, ine n'kumapatsa nkhuku. Sindinawalankhule mpaka mapira a chaka chotsatira atacha. Ndinali wotsimikiza kuti zonse ndazimvetsa: anazolowera tiyi wa shuga, anakonda mwana woyera kuposa wawo, ndipo anatigulitsa kachiwiri, ulendo uno popanda wowakakamiza. Ndinali ndisanabereke. Sindinkadziwa kuti mkazi akayamwitsa mwana miyezi ingapo, usana ndi usiku, kumuda sangathenso, ngakhale atayesetsa chotani, ngakhale mwanayo akhale wa anthu amene amuphera wake. Sindinkadziwa chimene chimachitika mwa munthu amene mwana walekera kukoka bere ali m'manja mwake, akamvanso kwina kulira kutaleka, iye mkaka uli wodzaza. Ine ndinangoona msana wawo ukupita, dothi la chibuma changa lili mbuu pakati pa mapewa, n'kuyesa kuti akuthawa ife. Kuti ankathamanga kuti akapeze mwana akadali ndi mphamvu zokoka, zimenezo m'mutu mwanga munalibe.